Obwereketsa makina omangira, tiuzeni zonse pa malonda anu a pa foni

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi anzanga amene ali ndi makina omangira a hayala kuno ku Kasungu. Ine ndine mmisiri womanga nyumba, ndimakhala ku Santhe, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka 19. Mikisa, makina osakanizira konkire, yangayanga ndilibe. Ndikapeza ntchito ya silabu ndimachita kubwereka, ngati mmene amachitira amisiri ambiri.

Chaka chatha mu Seputembala, bambo wina amene anagulitsa bwino fodya wake ku Chinkhoma anandipatsa ntchito yothira silabu pa sitolo yake yosanja. Matumba 80 a simenti anali atafika, kwale ndi mchenga zili mulu, mapulanga titakhoma kale, zitsulo titamanga. Chinatsala ndi mikisa basi. Pa gulu lina la malonda pa Facebook ndinaona chithunzi cha mikisa yachikasu, yonyezimira, pansi pake atalemba kuti ilipo ya hayala, mtengo tikambirane ku inbox. Komwe ili sanalembe. Ndinatumiza uthenga m'mawa, yankho linabwera mawa lake madzulo. Titagwirizana mtengo ndi pomwe anandiuza kuti makinawo ali ku Lilongwe ndipo kunyamula ndi kwanga. Tsiku linali litayandikira, ndiye ndinangotumiza lole kudzera msewu wa Kasiya.

Lole itafika ndinagwira pakamwa. Mikisayo sinali ya pa chithunzi ija. Inali yaying'ono, yolowa theka la thumba, komanso yoyendera magetsi, pomwe pamalopo panalibe ngakhale polo. Aganyu 16 anali ataima ndi mafosholo awo kuyambira mbandakucha, amayi otunga madzi atadzaza kale migolo. Tinasakaniza konkire ndi manja mpaka usiku, tikuwunikira ndi mafoni. Amisiri anzanga akudziwa kuti silabu safuna kupumira. Konkire wina akayamba kuuma mnzake asanafike, pamene akumanapo ndi pamene pamadzayambira mng'alu, mvula n'kumadontha. Mpaka lero ndikadutsa pa sitoloyo maso anga amathamangira pakona pomwe tinachedwerapo. Ndalama ya lole ndinabweza ya m'thumba mwanga, chifukwa amene ndinapeza makinawo ndine.

Mwini mikisa uja sindikumutcha wakuba ayi. Makina anali nawodi ndipo ankagwira ntchito. Koma akanajambula makina akewo ndi foni yake, n'kulemba kuti ndi a magetsi, ali ku Lilongwe, bwenzi nditamudutsa, iye n'kupeza munthu woyenera makinawo. Mmalo mwake anataya kasitomala, ndipo amisiri onse amene ndimamwa nawo tiyi pa Santhe nkhaniyi anaimva.

Nkhani ya mtengo ndi imene imandipweteka kwambiri. Ndikudziwa chimene eni makina amaubisira. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa dizilo, lamba, oyilo ndi zitsulo zosinthira sukhazikika, ndiye munthu amaopa kulemba mtengo lero n'kudzakangana ndi kasitomala mwezi wamawa. Komatu mankhwala ake ndi osavuta. Lembani mtengo wa pa tsiku, pambali pake muike deti, zinthu zikasintha mulembenso. Ine ndikamawerengera bwana ndalama za ntchito yonse ndimafuna nambala yoti ndilembe pa pepala usiku womwewo. Sindingadikire inbox masiku awiri, bandulo ikutha. Komanso mtengo wobisa umapatsa munthu maganizo oti mukufuna muyambe mwaona nkhope yake kaye kuti mudziwe pomutchajira. Pomwepo munene ngati mafuta ali pa inu kapena pa wobwereka, ngati woyendetsa makina akubwera nawo, ndi amene alipire makina akawonongeka ali pa ntchito. Mikangano yambiri imene ndaionapo pa sayiti imachokera pa zitatu zimenezi.

Malo nawonso musamangoti Kasungu. Boma lino ndi lalikulu. Munthu wa ku Nkhamenya ndi wa ku Santhe onse ndi a ku Kasungu, koma pakati pawo pali ulendo, ndipo nthawi zina ya lole imaposa ya hayala. Tchulani kuti muli pa boma, ku Chamama, ku Mtunthama kapena ku Chatoloma.

Pali mayi wina pa boma amene ndimamubwereka makina a mabuloko ndi vaibureta (makina onjenjemeretsa konkire kuti akhazikike bwino) masiku ano. Sindinamudziwire kwa m'bale kapena kutchalitchi, ndinamuona pa gulu la WhatsApp la amisiri. Anaika kakanema kakafupi, mnyamata wake akuliza injini, makina akutulutsa mabuloko, utoto wosupuka ukuoneka bwinobwino. Kusupukako ndi kumene kunandikhulupiritsa, chifukwa ndinadziwa kuti chimene ndikuona ndi chimene chidzabwere. Analemba m'Chichewa, ndi mawu amene timatchulira zinthuzi pa ntchito, moti ngakhale kapitawo wosapita patali ndi sukulu amva. Analembanso kuti dzina limene lidzatuluke pa Airtel Money kapena pa Mpamba potumiza dipoziti ndi lomwe lili pa malondawo, ndipo wofuna kudzaona makina asanalipire abwere. Zimenezi n'zofunika kwambiri, poti anthu ambiri anapsa kale ndi akamberembere olandira dipoziti n'kuzimitsa foni, ndiye wamalonda wachilungamo ayenera kudzionetsa yekha kuti sali m'gulu limenelo. Makina ake akakhala kuti atengedwa amalemba tsiku lomwe abwerere. Foni amayankha.

Msika ulipo, eni makina musakayike. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi zamalonda, ndiye ntchito zambiri za masukulu, zipatala ndi masitolo zikufuna mabuloko a simenti. Simentiyo ina ikupangidwa konkuno ku Kasungu ku fakitale ya Shayona. Mmisiri wamng'ono ngati ine sangagule makina chifukwa cha ntchito imodzi, abwereka basi. Ndipo nyengo yake ndi yodziwika: msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, anthu amayamba kugula zipangizo, kumanga kumatentha mpaka Okutobala, aliyense akuthamangira kufolera mvula isanagwe. Malonda anu aziyamba kuoneka fodya akadali m'mabelo, ndipo muziwaikanso kawirikawiri chifukwa m'magulu amenewa uthenga wa dzulo umakwiririka msanga.

Mwezi wamawa ndili ndi ntchito ya maziko ku Chulu yofuna kompakita (makina otsendera dothi) masiku anayi. Mayi uja alibe. Ndafufuza m'magulu atatu, ndapeza malonda asanu, ndipo mwa asanuwo palibe ndi amodzi omwe olemba mtengo kapena komwe makinawo ali.

Ine wanu,
Mmisiri womanga nyumba,
Santhe, Kasungu