Amishoni sanaphunzitse Aluya kupeta, anasintha kapetedwe kake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani imene imamveka kawirikawiri tikamakamba za sukulu za mishoni, yoti atsikana a Chiluya anadziwira singano m'manja mwa azungu. Ku Palestine sizinali choncho.

Sukuluzo zinalipodi. Masisitere a mpingo wa Lutheran ochokera ku Kaiserswerth ku Germany anatsegula Talitha Kumi ku Yerusalemu mu 1851. Mayi wa ku Scotland, Jane Walker-Arnott, anayambitsa Tabeetha ku Jaffa mu 1863, dzina lake likukumbutsa Tabita kapena kuti Dorika, wosokera amasiye malaya uja. Sukuluyi inadzakhala m'manja mwa Church of Scotland, mpingo womwe unakhazikitsa mishoni ya Blantyre. Akhristu a mpingo wa Quaker nawo anayamba kuphunzitsa atsikana ku Ramallah mu 1869. Zonsezi zinayamba dzikolo lili pansi pa Aturuki, ndipo zinapitirira mu ulamuliro wa Britain umene unatha mu 1948.

Koma mtsikana wa kumudzi ankafika kusukulu atayamba kale kupeta, ataphunzira kwa amayi ake ndi agogo ake. Analibe pepala loonera. Ankayala diresi lakale pamwendo n'kumawerenga ulusi wa nsalu, kutengera kanjedza kapena mkungudza monga uliri. Ku Ramallah ankakonda silika wofiira pa bafuta woyera, pomwe ku Betelehemu ankagoneka chingwe cha silika kapena chagolide pamwamba pa nsalu n'kumachigwira ndi timisoko ting'onoting'ono. Munthu ankatha kudziwa mudzi wa mkazi pongoona pachifuwa pa diresi lake.

Chimene sukulu inabweretsa ndi usoki wa m'nyumba ya mzungu: kupinda m'mphepete, kulumikiza nsalu, kusoka mabowo a mabatani, kuika zigamba, kuluka zingwe zokongoletsa. Mwana ankapatsidwa kansalu koyeserera, n'kupetapo zilembo ndi manambala mzere ndi mzere. Kenaka kunabwera timabuku ta zojambula ta ku Ulaya, ndipo cha m'ma 1930 ulusi wa thonje wa kampani ya ku France ya DMC unadzaza m'misika. Unali wotchipa poyerekeza ndi silika wa ku Syria, komanso wosasuluka msanga. Maluwa opindikapindika ndi mbalame za m'timabukumo zinayamba kulowa pa madiresi a kumudzi, ndipo kusiyana kwa mudzi ndi mudzi kunayamba kuchepa.

Kuti muone chifukwa chake kabuku kanali ndi mphamvu chotere, taonani mmene msoko wa mtanda, umene amayi ambiri a kumudzi ankapetera, umayendera. Mtanda uliwonse umadumpha ulusi wa nsalu wofanana, tinene uwiri chopingasa ndi uwiri choimirira. Mwendo wapamwamba wa mitanda yonse uyenera kupendekera mbali imodzi. Mukasinthasintha, kuwala kumagwa mosiyana ndipo ntchito imaoneka yamawangamawanga. Ulusi wa pasingano usapitirire masentimita 45, chifukwa wautali umapota ndi kuperepeseka podutsa m'nsalu kambirimbiri. Mfundo samanga. Kamchira amakasiya kumbuyo n'kukapanikiza ndi misoko inayi kapena isanu yoyamba. Mukakoka kwambiri nsalu imakwinyika, ndipo ngakhale simbi siiwongola. Choopsa kwambiri n'kuphonya kuwerenga: ulusi umodzi wokha ukadumphidwa pakati pa chifuwa, mbali ziwiri sizikumananso, ndipo mumamasula mpaka pamene munalakwira. N'chifukwa chake odziwa amayambira pakati kupita m'mbali. Pepala logawidwa m'timabokosi limachotsa mantha amenewa, pakuti kabokosi kalikonse ndi mtanda umodzi. Mwana amene wazolowera pepala safunanso kuloweza za agogo ake.

Pa nsalu yakuda kapena yoterera, imene ulusi wake suwerengeka, anayamba kugwiritsa ntchito kanivasi wa mabowo. Amamulumikiza pamwamba pa nsaluyo ndi misoko ikuluikulu, kupeta modutsa zonse ziwiri, kenaka kusolola ulusi wa kanivasiyo umodziumodzi. Singano ikabaya pakati pa ulusi wa kanivasi m'malo molowa pabowo, ulusiwo umakanirira, ndipo kuukoka mwamphamvu kumasokoneza mitanda yoyandikana nawo.

Sindikunyoza sukuluzi. Atsikana ambiri anaphunziramo kuwerenga pamene mwayi wotero unali wosowa, ndipo singano inadyetsa mabanja ambiri anthu atathamangitsidwa m'midzi yawo mu 1948. Koma maphunziro a usokiwo cholinga chake chachikulu chinali kukonza mkazi wapanyumba wofanana ndi wa ku Ulaya, osati kusunga luso la m'deralo. Pamene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika kapetedwe ka ku Palestine pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2021, imalemekeza luso la amayi a kumudzi aja, limene amishoni analipeza lilipo kale.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa zosokasoka, Zomba