Lipoti la msonkhano wa okonza magalimoto a 4x4: masipuling'i akumbuyo

A Wapampando, a Msungichuma ndi akuluakulu nonse a gulu lathu la amakanika ochokera kumudzi kuno ku Johannesburg,

Munandituma ku msonkhano wa okonza magalimoto a m'tchire, ndipo ndabwerako bwino. Malisiti a mafuta, apakhomo ndi a chakudya ali kale m'manja mwa a Msungichuma. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ena akhala akufunsa pa WhatsApp ngati ndalama ya gulu ndi yoti munthu azikaonerera nayo magalimoto a anthu olemera akukwera miyala. Werengani kaye, muweruze pambuyo.

M'mawa anakamba za inshuwalansi ndi mapepala a roadworthy, zomwe ambirife timazidziwa kale. Panalinso wina wotsatsa magetsi a LED.

Zenizeni zinali masana, pabwalo. Anaika rampu yachitsulo yopendekeka madigiri 20. Galimoto imakweza tayala limodzi lakutsogolo pa rampupo, pang'onopang'ono, mpaka tayala lina litayamba kusiya pansi. Akatero amayeza mtunda umene yakwera, n'kugawa ndi mtunda wapakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo, n'kuchulukitsa ndi 1,000. Nambala imeneyi amaitcha RTI. Hilux ya double cab ili ndi mamilimita 3,085 pakati pa maekiselo, ndiye itakwera mamilimita 1,500, RTI yake ndi 486. Nambala ikakula ndiye kuti matayala onse akukhalitsa pansi. Galimoto youma kumbuyo ili ngati tebulo pa nthaka yosasalaza, mwendo umodzi umalendewera. Tayala likalendewera, difu wamba, chipangizo chogawa mphamvu ya injini ku matayala awiri a pa ekiselo, amataya mphamvu yonse ku tayala la m'malerelo, galimoto n'kuima chiimire injini ikulira.

Anabweretsa ma Hilux awiri. Imodzi inali yaitali kwambiri, yokwezedwa ndi mabuloko pakati pa ekiselo ndi masipuling'i, matayala akuluakulu, yoti munthu atembenuke ikamadutsa. Inayo inangokwezedwa pang'ono. Yaitaliyo ndi imene inayamba kunyamula tayala. Mphunzitsi, bambo wachikulire wa manja akuda ndi girizi, analowa pansi ndi sipanala n'kumasula bawuti yam'munsi ya shock yakumbuyo. Bawuti itangotuluka, ekiselo inatsika yokha kupitirira chikhatho cha dzanja, tayala n'kugunda pansi. Ndinagwada pomwepo kuti ndione bwino. Sipuling'i inali ikadali ndi mpata wotsika, koma shock yakale, yaifupi, inkaigwira ngati chingwe. Akuluakulu, ndi magalimoto angati amene tawakweza m'magalaja mwathu n'kubwezeramo ma shock omwewo?

Njira yake ndi iyi, ndipo sifuna makina odula. Ikani chesisi pa ma stand, chotsani ma shock, ekiselo itsike mpaka pamene yathera. Yezani ndi tepi kuchoka pa bowo lam'mwamba kufika lam'munsi. Kenako jekani mbali imodzi mpaka igunde labala woletsa uja, bump stop, muyezenso. Nambala ziwirizo ndi zimene mupite nazo kokagula shock, osati dzina la galimoto lokha. Koma shock yaitali ili ndi thupi lalitalinso. Mukapanda kutalikitsa bump stop, galimoto ikamenya dzenje shock ndi imene imalandira nkhonya yonse, n'kuphulika mafuta.

Ekiselo ikayamba kutsika kwambiri, zina zonse zimakokedwa nayo. Anationetsa paipi ya mabuleki itakungika, yosapindika n'komwe ndi chala. Imeneyo ikaduka mabuleki akumbuyo atha. Muonenso waya wa handbrake, wa ABS, kapaipi kopumira difu, ndi propshaft, chitsulo chopititsa mphamvu ya injini ku difu, ngati sikusololoka kupyola muyeso. Pa ma Hilux ndi ma Land Cruiser akale pali valavu ija imene imagawa mphamvu ya mabuleki malinga ndi katundu. Mukakweza galimoto osasuntha kandodo kake, imayesa kuti kumbuyo kulibe kanthu, mabuleki akumbuyo n'kufooka.

Za ma shackle, tizitsulo tolumikiza mapeto a sipuling'i ku chesisi, ananena kuti galimoto ikaima azipendekera kumbuyo, cha m'ma madigiri 45, osaima chilili. Mabushi a labala amapotoka bwino kuposa a polyurethane olimba, ndipo mabawuti ake tizimanga galimoto ili pansi pa matayala ake, osati ili pa jeke. Ma U-bolt, omangira sipuling'i ku ekiselo, akhale atsopano, omangidwa ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti.

Apa ndiime kaye. Torque wrench imene tinasonkherana tonse ili kuti? Inabwerekedwa nyengo yozizira isanayambe, mpaka lero m'bokosi la gulu mulibe. Nkhaniyi ndinaidzutsa pa msonkhano wathu wapita, inangokankhidwira kutsogolo. Dzina sinditchula, mwiniwake akudzidziwa, ndipo a Mlembi ali nalo m'kabuku. Zimandiwawa kuti anthu amene akuwerengera alawansi yanga sanafunsepo za chipangizo chimene moyo wa makasitomala athu umadalira.

Magalimoto a makoilo monga Fortuner, Patrol ndi Land Cruiser 80 anawakamba mwachidule. Mukakweza, panhard rod, ndodo yoletsa ekiselo kusunthira m'mbali, imakokera ekiselo mbali imodzi, ndiye pamafunika yosinthika kutalika. Koilo nayonso imatha kugwa ekiselo ikatsika kwambiri ngati palibe chomangira.

Msonkhano unagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, sway bar, chitsulo choletsa galimoto kupendekera pokhota, isamachotsedwe pa galimoto yoyenda pa phula. Wofuna kumasuka m'tchire aike zolumikizira zochotseka, azibwezera akamatuluka. Jeep Wrangler Rubicon imachita zimenezi ndi batani, koma kutsogolo. Apa ndinavomera ndi manja awiri. Galimoto yokwezedwa, katundu padenga, pa msewu waukulu wa N1 usiku, yopanda sway bar, ndi maliro.

Chachiwiri, anati mabuloko atayidwe, kasitomala aliyense azilangizidwa kugula kit yathunthu monga Old Man Emu ya ku Australia. Za mabuloko ndikugwirizana nazo, amapangitsa ekiselo kupotoza sipuling'i ukaponda moto. Koma za kit ndinakana, ndipo ndinaimirira kunena. Kasitomala wathu si wa kumapeto a sabata. Ndi m'bale wathu amene wagula pikapu yakale, wadzaza mafiriji, migolo ndi malata, akulowera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Iyeyo amabwera n'kunena kuti, "Achimwene, ndiwonjezereni masipuling'i." Ife timawonjezera, timalandira ndalama. Akafika kumudzi n'kutsitsa katundu, galimoto ija yauma gwa. Mvula ikagwa, pa kangalande kakang'ono tayala lili m'mwamba, anyamata akukankha.

Ndikudziwa ena a inu munena kuti katundu ndiye amabweretsa ndalama, zofewazo n'za anthu osewera. Inenso sindikuti tisiye kuwonjezera. Ndikuti tizifunsa kaye kuti galimotoyo ikakhala kuti ikafika. Yobwerera kuno sabata yomweyo, iwumitseni. Yokakhazikika ku Ntcheu kapena ku Mzimba, nkumanyamula odwala ndi feteleza m'misewu yafumbi, ikufunika sipuling'i yothandizira yapansi imene imagwira ntchito katundu akalemera basi, masamba enawo akhale opyapyala, oyera, opanda dzimbiri pakati. Ndipo ngati galimoto ili ndi diff lock yakumbuyo, imene imakakamiza matayala onse awiri kuzungulira limodzi, timuonetse mwiniwake kagwiritsidwe kake. Ambiri batanilo sanalidinepo chigulireni.

Pempho langa ndi lakuti tipange rampu yathu. Owotcherera tili nawo m'gulu momwemuno, zitsulo zotsala sizisowa ku ma scrapyard a ku Booysens. Galimoto iliyonse imene takweza izikwera pamenepo mwiniwake akuona, tisanalandire ndalama yomaliza. Miyeso ndinajambula, ndibwera nayo. A Mlembi, chonde ikani nkhani ziwiri pa ndandanda wa msonkhano ukubwerawu: rampu ndi torque wrench. Ya torque wrench iyambe.

Ine nthumwi yanu.