Mabandi athu asataye nyimbo ndi mzere pothamangira masipika

A Mkonzi,

Tiloleni tithirepo ndemanga pa mkangano umene wakula pakati pa okonda mabandi muno mu Lusaka chiyambire mafoni kutionetsa mipikisano ya mabandi oguba ya Drum Corps International (DCI) ya ku America. Perete wa pa 12 Malichi kapena wa pa 24 Okutobala akangotha, mupeza anyamata a malipenga ndi a ng'oma aunjikirana pa foni imodzi, kutsutsana kuti bandi yabwino ndi yotani. Ena akufuna kuti mabandi a ku Matero, Chawama ndi Chilenje ayambe kuvina, kugubuduka pansi ndi kudzala masipika pabwalo. Ena akuti imeneyo si bandi ayi. Ife ophunzitsa ana kuliza malipenga ndi kuguba tikuti mbali zonse zili ndi mfundo, koma bandi yathu ikataya nyimbo yomveka ndi mzere wowongoka pofuna kufanana ndi za pa YouTube, idzataya oonerera, oweruzanso osawapeza.

Eni ake nawonso akhala akukangana za izi kwa zaka zambiri. Mpikisano woyamba wa DCI unachitikira ku Whitewater, m'chigawo cha Wisconsin, mu 1972, ndipo kuyambira 2009 ndime yomaliza imachitikira mu Lucas Oil Stadium ku Indianapolis mwezi wa Ogasiti. Gulu limodzi silipitirira anthu 165, onse achinyamata osapyola zaka 22, ndipo sewero lake limatenga mphindi 11 kapena 12. Mumakhala malipenga, ng'oma zoyenda nazo, marimba ndi timpani zoima kutsogolo kwa bwalo, komanso ozunguza mbendera. Zitoliro ndi saxophone mulibe.

Okonda zakale amakumbuka nthawi imene malipenga onse anali a kiyi ya G. Lamulo linasintha mu 2000, magulu n'kusamukira ku malipenga a B-flat ndi F chifukwa savuta kuchuna, ndiponso akatha ntchito amagulitsika kumasukulu. Anthu amenewa mpaka lero amadandaula kuti phokoso lija logunda pachifuwa linapita. Chimene amafuna ndi nyimbo yoti munthu aing'ung'udze akubwerera kunyumba, yunifomu yachisilikali ya chipewa cha nthenga, ndiponso mphindi ija imene oliza malipenga onse amafola mzere umodzi kuchokera uko kukafika uko n'kumayenda molunjika kwa oonerera akuliza ndi mphamvu zonse. A gulu la Madison Scouts mu 1995 anaimiritsa bwalo lonse ndi sewero lotere, koma oweruza anawaika pa nambala 4.

Okonda zatsopano anapeza danga malamulo atalola maikolofoni mu 2004, zida zamagetsi mu 2009, ndi trombone ndi sousaphone mu 2014. Bluecoats a ku Canton, Ohio, anapambana mu 2016 atavula zipewa ndi majekete, atavala zothina zoyera, akutsetsereka pa zotsetserekera zazikulu, mawu akutulukira m'masipika ozungulira bwalo. Palinso ena amene amangofuna nkhani yoti aitsate kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amenewa ndi amene anakondwa mu 2008 pamene Phantom Regiment a ku Rockford anapambana ndi nkhani ya kapolo woukira Aroma, kuposa Blue Devils ndi mapointi 0.025 okha.

Tisanamizane kuti khamu limalondola nthawi zonse. Mu 1993 Star of Indiana analiza nyimbo zovuta kuzitsata, oonerera ena n'kuwakuwiza, koma anamaliza achiwiri, ndipo lero ambiri amalitchula sewero limenelo ngati limodzi mwa amene anasintha luso lonseli. Gwero la kusiyanaku ndi pepala la oweruza. Pa mapointi 100, okwana 40 ndi a mmene sewero lonse lakhudzira munthu, 30 ndi a zooneka, 30 ndi a nyimbo, ndipo woweruza amayang'ana kuvuta kwa chimene chikuchitika ndi ukhondo wake. Woonerera alibe pepala. Iye amamva nyimbo, amaona mzere, basi.

Tsopano tibwere kwathu kuno, chifukwa apa ndi pamene zinthu zimasokonekera.

Malipenga a ku DCI pafupifupi onse amaloza kutsogolo, ngakhale tuba amaisenza paphewa kukamwa kwake kutaloza anthu. Mabandi athu ambiri a m'matchalitchi anatengera kachitidwe ka ku Britain, monga a Salvation Army, kotero tenor horn, euphonium ndi bass zimaloza kumwamba. M'tchalitchi denga limabweza mawuwo. Pabwalo la Nkoloma kapena la Woodlands palibe chobweza, mawu amangopita. Mukapatsa euphonium nyimbo yeniyeni ali chakumbuyo kwa bwalo, oonerera adzangomva ng'oma ndi cornet. Nyimbo muzipatsa cornet ndi trombone bandi ikakhala patali, ndipo oloza kumwambawo muziwayandikitsa kutsogolo ikafika nthawi yawo. Nanga bugle ya Boys' Brigade, gulu lija linayamba ku Glasgow mu 1883? Ilibe ma valve, timabatani tija todina ndi zala posintha notsi, ndiye imatulutsa manotsi asanu okha omveka bwino. Kuikakamiza kuti itsanzire sewero la malipenga 80 a ma valve atatu n'kuwachititsa manyazi ana. Bugle imakoma ikamayankhizana ndi side drum, ziganizo zazifupi, zoyamba ndi kutha pamodzi.

Bwalo nalonso ndi losiyana. La ku America lili ndi mizere pa mayadi 5 alionse, ndipo oguba amaphunzira kuponda mapazi 8 pakati pa mizere iwiri, phazi lililonse masentimita 57. N'chifukwa chake zithunzi zawo zimatuluka zoyera chonchija. Bwalo lathu la mpira lilibe mizereyo, koma silikusowa poyambira. Kuchokera pakadontho ka pakati kukafika pamzere wozungulira ndi mamita 9.15, amene ndi mayadi 10, kutanthauza mapazi 16 enieni. Kudutsa bwalo lozunguliralo lonse ndi mapazi 32. Mwana aliyense ayende mtunda umenewo akuyang'ana kutsogolo, mobwerezabwereza, mpaka phazi la 16 lizigwera pamzere. Kenako tengani chingwe, mangani mfundo pa mamita 4.57 alionse, ikani zizindikiro za laimu kapena zitsekerero za mabotolo. Popanda zimenezi mzere waukulu uja umapindika ngati uta, chifukwa apakati, poona kuti anthu akuwayang'ana, amatambasula mapazi, akumapeto n'kutsalira. Aliyense aziyang'ana phewa la munthu wapakati ndi ngodya ya diso, ndipo wapakatiyo akhale amene phazi lake silisintha, ngakhale asakhale katswiri wa lipenga.

Vuto limene limagwetsa mabandi ambiri akangobalalika pabwalo ndi kuchedwa kwa mawu. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Mnyamata amene ali mamita 34 kuchokera pa ng'oma amaimva patapita gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Pa liwiro la perete wathu, mapazi 120 pa mphindi, kuchedwako ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a kugunda kumodzi, ndipo khutu limamva kale kuti china chalakwika. Pa liwiro la 180, limene magulu a ku America amathamanga nalo, kumayandikira gawo limodzi mwa atatu, nyimbo n'kung'ambika pakati. Ana sanalakwitse kuwerenga, aliyense akutsata chimene wamva. Njira yake ndi iyi: ng'oma zikhale kumbuyo chapakati, oimba ng'omawo aziyang'ana manja kapena ndodo ya drum major, wotsogolera bandi uja, ndipo amene ali kutsogolo kwawo azimvetsera za kumbuyo. Mukatero mawu onse amafika kwa oonerera nthawi imodzi. Wakumbuyo asayerekeze kutsata zimene akumva kutsogolo. Pabwalo lalikulu ngati National Heroes pamakhalanso mawu obwerera kuchokera kumalo okhala oonerera, ndipo aliyense wowatsata amakokera bandi yonse m'mbuyo.

Za masipika tinene mosabisa. Ku DCI pamakhala munthu amene ntchito yake ndi kusakaniza mawu basi, ndipo amayeserera ndi gululo nyengo yonse. Kuno timabwereka sipika m'mawa wa tsiku lomwelo. Mukaiika kumbuyo kwa maikolofoni imalira mluzu wogonthetsa. Mukaikweza kuti imveke, kiyibodi imodzi imameza ana 25 amene ayeserera miyezi itatu. Jenereta ili apo ikulira, ndipo magetsi akathima pakati pa sewero lomangidwa pa kiyibodiyo, palibe chotsala. Zikwangwani zazikulu za nsalu nazo zimagwa ndi mphepo ya mu Ogasiti, mwezi wa chionetsero cha ku Showgrounds. Ndalama zobwerekera zimenezi zikanagula mafuta a ma valve, zikopa za side drum ndi timitengo tofanana kulemera, zinthu zimene zimasinthadi kamvekedwe ka bandi. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Sitikukana kuyenda mwaluso. Tikungoti kuzikhala ndi malire amene mpweya wa mwana ungakwanitse. Wothamanga akuliza lipenga mawu ake amanjenjemera, chifukwa phazi likamenya pansi lipenga limagunda pamilomo. Aphunzire kutsika ndi chidendene, zala zili m'mwamba, n'kugudubuza phazi mpaka kuzala, thupi kuyambira m'chiuno kukwera osagwedezeka. Muyeseni alize notsi imodzi yaitali akuyenda mapazi 16. Ikamadukaduka, sanakonzeke kuvina. Pamene nyimbo yavuta mapazi achepe, pamene mapazi avuta alize ndi ena. Kumbukiraninso dzuwa la mu Okutobala: lipenga likatentha mawu ake amakwera, marimba amatsikako pang'ono, ndiye amene anachuna pamthunzi wa basi amafika pabwalo atasemphana. Chunani mutaliza kale mphindi 10 kapena 15, padzuwa lomwelo limene mukaimbirepo.

Ife ochokera kum'mawa, ku Chipata ndi Lundazi, tisamaone ngati zoguba mopikisana tinaziona koyamba pa foni. Mganda ndi umenewo: amuna afola mizere atavala zoyera, malipenga a mphonda ali m'manja, ng'oma yaikulu ikulamula phazi, mudzi ukupikisana ndi mudzi. Amayi amene amalulutira pamganda salulutira kuvuta kwa sitepe. Amalulutira pamene mzere wonse watembenuka ngati munthu mmodzi, ndiponso pamene nyimbo yawafika. Khamu la pa Independence Avenue ndi lomwelo. Bandi imene ingaike sitepe ya mganda pakati pa sewero lake, ng'oma zikusintha kuchoka pa kuguba kulowa mu kavinidwe kameneko kwa mapazi 32 n'kubwereranso, idzakhala yapereka chatsopano chimene okonda zamakono akufuna, okonda zakale osataya nyimbo yawo.

Pempho lathu likupita kwa a masukulu ndi a mipingo amene amakonza mipikisano. Tulutsani pepala la oweruza mwezi wathunthu mpikisano usanafike, kuti aliyense adziwe mapointi a nyimbo, a kuguba ndi a kukoma kwa sewero lonse. Mikangano yambiri ya pambuyo pa zotsatira imabwera chifukwa bandi ina inakonzekera kusangalatsa khamu, ina inakonzekera perete wachisilikali, ndipo palibe amene anauzidwa chofunika. Mabandi a bugle apikisane okhaokha, a malipenga a ma valve okhaokha. Woweruza mmodzi akhale pamwamba pa mipando kuti aone zithunzi, wina pansi m'mbali mwa bwalo kuti amve manotsi ndi kuona mapazi. Sewero likhale la mphindi 6 mpaka 8, chifukwa milomo ya mwana wa zaka 13 siipirira mphindi 12 zoliza mwamphamvu. Lembani poyera ngati zida zamagetsi zikuloledwa, ndipo ngati zikuloledwa, onse agwiritse ntchito masipika amodzimodzi a okonza mpikisano, kuti tchalitchi cholemera chisagule chipambano. Pomaliza, pakhale chikho chachiwiri cha oonerera, chovoteredwa ndi timapepala toperekedwa pageti, kamodzi pa tikiti iliyonse, osati poyeza kukuwa, chifukwa pokuwa amapambana ndi amene wabwera ndi mabasi ambiri.

Ife,
Ophunzitsa mabandi a achinyamata,
Lusaka