Achinyamata a bizinesi akugwera pa oda yoyamba yaikulu

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa nkhani ya achinyamata ndi mabizinesi, ife amene ntchito yathu ndi kusunga mabuku a ndalama ndi kulangiza amalonda ang'onoang'ono kuno ku Mzuzu. Chaka ndi chaka mzinda uno umalandira anyamata ndi atsikana omaliza maphunziro ku Mzuni, ku Mzuzu Technical College ndi m'masukulu ena a ntchito zamanja omwe ali pansi pa TEVETA. Ntchito zolembedwa n'zochepa, choncho ambiri amatsegula kashopu ku Luwinga, ku Chibavi kapena ku Zolozolo. Thandizo lomwe amalandira limaunjikana poyambira penipeni: maphunziro a masiku atatu ku loji, satifiketi, mwina ndi ngongole. Zikatero aliyense amabwerera ku ofesi kwake. Chonsecho mmene tikuonera, bizinesi ya wachinyamata imagwa pamene yayamba kuoneka ngati yagwira mseu, pa oda yoyamba yaikulu ndi pa wantchito woyamba, ndipo nthawi imeneyo palibe katswiri amene amakhala nayo pafupi.

Tiyerekeze kalipentala wa zaka 25 amene wapatsidwa oda ya madesiki 100 ndi sukulu ina, desiki iliyonse pa K60,000. Pa pepala ndi K6 miliyoni. Matabwa, mapaipi achitsulo, misomali, vanishi, mayunitsi a magetsi, thiransipoti ndi aganyu zadya K4.5 miliyoni, kusonyeza kuti phindu ndi K1.5 miliyoni. Mnyamatayu alibe K4.5 miliyoni m'thumba, ndiye akukongola ku banki mkhonde pa chiwongoladzanja cha 10 pa 100 iliyonse pamwezi. Wapereka madesiki, koma sukulu ikuti cheke chituluka fizi ya teremu yotsatira ikalowa. Papita miyezi itatu. Chiwongoladzanja chokha chafika K1,350,000. Polipira, sukulu yadulanso msonkho womwe lamulo limailamula kudula n'kupereka ku MRA, bungwe lotolera misonkho. Tinene kuti ndi 3 pa 100 iliyonse, yomwe ndi K180,000. Phindu lonse lapita, ndipo mnyamata watsala ndi kangongole pamwamba. Abale akumuona akuyenda ndi cheke cha mamiliyoni, akuganiza kuti walemera, iye usiku sakugona. Akadakhala kuti anakongola kwa akatapila, bwenzi makina ake atalandidwa kale.

Mawerengero amenewa wowerengera ndalama aliyense akhoza kuwachita pa mphindi 20, mnyamata asanasaine kalikonse. Akadamuuza kuti apemphe theka la ndalama asanayambe ntchito, kapena agawe odayo m'magawo anayi a madesiki 25, gawo lina lizilipiridwa lina lisanaperekedwe. Akadamuuza kuti asagule thabwa ndi limodzi lomwe asanalandire LPO, kalata ya wogula yotsimikiza oda, yosainidwa ndi kudindidwa, kuti popereka katundu wolandirayo asaine pepala losonyeza chiwerengero ndi tsiku, komanso kuti invoisi ilembe tsiku lenileni lolipira. Msonkho wodulidwa uja sutayika ngati munthu ali ndi TPIN (nambala yake ya wokhoma msonkho), watenga satifiketi yosonyeza kuti ndalamayo inadulidwa, ndipo amapereka malipoti ake ku MRA pa nthawi yake, chifukwa amauchotsera pa msonkho wake wa pachaka. Achinyamata ambiri satifiketiyi saitenga n'komwe.

Kotesheni, pepala louza wogula mtengo ntchito isanayambe, nayo imagwetsa mabizinesi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu May 2022, kenako ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023. Amene anali atapereka mtengo popanda kulemba kuti ugwira ntchito masiku angati anakagula zitsulo ndi penti pa mtengo watsopano, n'kulipidwa pa mtengo wakale. Mzere umodzi wonena kuti mtengowu ndi wa masiku 14 ukadawapulumutsa. Izi n'zofunika kwambiri kuno kumpoto komwe katundu wochuluka amalowera pa chipata cha Songwe, ndipo mtengo wake umatsatira ndalama zakunja.

Palinso uphungu womwe wowerengera ndalama sangapereke, womwe uli m'manja mwa amisiri akale. Oda yaikulu imabwera ndi changu, ndiye mnyamata amagula paini wa ku Chikangawa wongochekedwa kumene, akadali ndi madzi. Mpweya wa ku Mzuzu ndi wachinyezi, thabwa siliuma msanga. Desiki imachoka m'shopu ikuwala, koma ikakhala miyezi iwiri m'kalasi, makamaka kumalo otentha monga Karonga, pamwamba pamapindika, molumikizira mumatseguka, guluu n'kulekana. Mmisiri wakale amadziwa kuti matabwa amasanjidwa pamthunzi, pamalo okwera osagunda pansi, ndi timitengo topingasa pakati pa mzere uliwonse kuti mphepo izidutsa, kwa masabata angapo. Chimodzimodzi kwa mtsikana woweta nkhuku zanyama: anapiye 100 amadya chakudya chokwana pafupifupi matumba 8 a makilogalamu 50 kuti afike masabata 6, ndipo sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 kapena 33. Mu June ndi July kuno, mbaula ikazima usiku umodzi, anapiye amaunjikana pakona n'kupsinjana. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro amafa mphamvu akatenthedwa pa ulendo wochokera ku shopu. Mlangizi wa ziweto amene wafika pa khola amaziona izi ndi maso, zomwe sizingatheke mu holo ya maphunziro. Ndipo tsiku lililonse loonjezera pa masabata 6 nkhuku ikudya phindu, choncho ogula amapezedwa anapiye asanafike.

N'chifukwa chake timati njira ya wachinyamata ili ndi ndondomeko yake, ndipo ngongole imabwera kumapeto. Poyamba agwire ntchito pansi pa wina chaka chimodzi kapena ziwiri, ngakhale malipiro akhale ochepa, kuti aone mmene mwini shopu amagulira zipangizo, amaikira mitengo ndi kulondolera angongole. Kenako ayambe kageni ndi mpamba wakewake, ndi makope atatu: la ndalama zolowa ndi zotuluka, la anthu omwe atenga katundu pa ngongole, ndi la katundu yemwe ali m'shopu. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya bizinesi ikhale yosiyana ndi yomwe amatumizira ndalama ya ndiwo kunyumba. Adziikire malipiro a pamwezi, ndipo zamaliro, fizi ya mng'ono wake ndi mayunitsi a foni zichoke pa malipiro amenewo. Kudya mpamba kumayamba ndi K2,000 yomwe sinalembedwe. Mwezi uliwonse apatulenso kangachepe kodzagulira makina ena, poti makina owotcherera kapena osokera amatha pang'onopang'ono mwini wake osazindikira.

Geni ikapirira miyezi isanu ndi umodzi, ndi pomwe alembetse dzina la bizinesi, atenge TPIN, layisensi ya khonsolo ya mzinda ndi akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesiyo. Ofuna kugulitsa katundu ku boma alembetsenso ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Opanga zakudya, monga uchi kapena ufa wa mtedza, apite ku bungwe loona za miyezo la MBS asanasindikize zomata pa mabotolo, chifukwa pamafunika dzina ndi adilesi ya wopanga, kulemera kwake, nambala ya gulu la katunduyo, tsiku lopangira ndi lothera mphamvu. Uchi wokololedwa usanakhwime umakhala ndi madzi opitirira 20 pa 100 iliyonse, ndipo umasasa n'kuchita thovu uli pa shelefu ya eni sitolo. Ndalama zonse za malonda zizidutsa ku akaunti, poti banki ikamaganizira zopereka ngongole imafuna kuona sitetimenti ya miyezi ingapo, kawirikawiri isanu ndi umodzi. Ngongole yakale yomwe inasiyidwa osabweza imaonekanso ku mabungwe osunga mbiri ya okongola.

Za loya achinyamata amaziopa, amati ndi za anthu olemera. Komatu pali mapepala atatu omwe ndi otsika mtengo kuwalemba kusiyana ndi kudzakangana pambuyo pake. Loyamba ndi mgwirizano wa abwenzi oyambitsa bizinesi limodzi: wina wabweretsa makina, wina ndalama, wina luso, ndiye zilembedwe kuti aliyense ali ndi gawo lanji, osainira ku banki ndani, ndipo wina akafuna kuchoka atenga chiyani. Ambiri sadziwa kuti kulembetsa dzina la bizinesi kokha sikulekanitsa munthu ndi ngongole za bizinesiyo. Zikavuta, njinga yamoto ndi katundu wa m'nyumba akhoza kugwidwa, ngakhale ngongoleyo anatenga ndi mnzake m'dzina la bizinesi. Kampani yolembetsedwa pansi pa lamulo la makampani la 2013 ndiyo imaima payokha, ngakhale nayo ili ndi udindo wake wopereka malipoti chaka chilichonse. Lachiwiri ndi pepala la lendi, lonena za nthawi, kakwezedwe ka mtengo ndi notisi, kuopa kuchotsedwa pamalo makasitomala atangozolowera. Lachitatu ndi kalata ya wantchito. Msuweni wothandiza m'shopu ndi wantchito pamaso pa lamulo, ndipo mukadzayambana akhoza kukadandaula ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti loona za anthu apantchito. Lamulo la penshoni limati bwana azisonkha 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito 5, ndipo palinso msonkho wa TEVETA wa 1 pa 100 iliyonse ya ndalama zolipira antchito. Zonsezi zilowe m'mawerengero munthu asanalembedwe.

Tsono akatswiri amenewa wachinyamata awapeza kuti, pa mtengo womwe angakwanitse? Pakadali pano malowo atenga ndi madobadoba omwe amalembera anthu mapulani a bizinesi okoperana, kungosintha dzina ndi dera, n'kulandira zawo ngongole ikatuluka. Izi zimatiwawa, chifukwa mumzinda womwewu muli achinyamata ena omaliza maphunziro owerengera ndalama ku nthambi ya Malawi College of Accountancy ya kuno, omwe akuyenda ndi maenivelopu kufunafuna ntchito m'makampani akuluakulu ochepa omwe tili nawo. Mmodzi wa iwo akhoza kusunga mabuku a mashopu 20, kuyendera anayi patsiku, shopu iliyonse kamodzi pa sabata. Shopu iliyonse itamamulipira K15,000 pamwezi, ndi K300,000, ndipo pakutha pa zaka zitatu adzakhala akudziwa za msonkho ndi mitengo kuposa mnzake amene wakhala pa desiki imodzi. Pafunika kuti azigwira moyang'aniridwa ndi katswiri wovomerezeka wa bungwe la akatswiri owerengera ndalama la ICAM, yemwe aziona ntchito yake mwezi ndi mwezi ndi kusaina zomwe wophunzira sangasaine.

Pempho lathu likupita kwa onse opereka ngongole ndi maphunziro kwa achinyamata, kuphatikizapo mabungwe a boma otukula mabizinesi ang'onoang'ono, mabanki ndi mabungwe omwe si aboma. Pa ndalama zomwe mumalipira holo, chakudya ndi maalawansi, patulaniko gawo lolipira munthu woyendera wachinyamatayo pa shopu pake kwa miyezi 12, kuona makope ake ndi kuwerengera naye oda iliyonse yaikulu asanaivomere. Khonsolo ya mzinda wa Mzuzu ipereke chipinda chimodzi pafupi ndi msika waukulu, momwe tsiku limodzi pa sabata muzikhala wowerengera ndalama, loya, mlangizi wa ziweto ndi wa ku MRA, kuti mnyamata wa madesiki uja azitha kulowa ndi LPO yake m'manja asanapite kukagula matabwa.

Ndife,
Alangizi a mabizinesi ang'onoang'ono,
Katoto, Mzuzu.