Opaleshoni ya Diso Lako ndi Mnzako Uja

Mabvuku, Harare

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti wadzuka bwino. Kuno tilipo, kungoti miyendo ija ikundivutabe usiku, ndipo pampopi sipanadonthe madzi chiyambire mwezi uno, tikutunga kumjigo. Ndalemba kalata chifukwa pafoni umandidula mawu. Umangoti "ndamva Amayi, ndamva" ndisanamalize n'komwe.

Mchemwali wako wandiuza kuti Loweruka anakuona pabawa ku Glen View uli ndi mnzako uja, Chibuku chili pakati panu, wolipira uli iwe. Sanachite kumva kwa anthu, anakuona yekha. Usamukwiyire, ndinachita kumukakamiza kuti anene. Tulo sindinatione usiku umenewo. Kwatsala masabata awiri okha kuti ukalowe kuchipatala cha maso cha Sekuru Kaguvi ku Parirenyatwa kukawongoletsa diso lako, tsiku lomwe taliyembekezera zaka zonsezi, ndiye iwe ukumwera ndalama za opaleshoni?

Ndalama zimenezo si zako wekha. Muli madola a amalume ako, muli za amayi a Mvano a kumpingo kwathu, muli zanga za tomato ndi mtedza zomwe ndakhala ndikusunga m'kachitini ka tiyi. Ndikudziwa kuti zambiri ndi thukuta lako, wapala matabwa mpaka manja kuchita zikang'a, sindikukana. Koma mnzakoyo waikapo zingati? Akamati "ndibwereke, ndibweza kumapeto kwa mwezi," kumbukira njinga ija. Inabwera? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine sindimuda mnyamatayo, wadya nsima m'nyumba muno kangapo konse. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tumiza ndalamazo kwa mchemwali wako lero lomwe, pafoni pa EcoCash kapena pamanja, asunge iye.

Mu 2008 uja ndinali nditasonkhanitsa kale ndalama zoti akakuone diso. Ndinkaziwerenga usiku uliwonse inu mutagona. Posakhalitsa mpukutu wonse uja sunkagulanso ngakhale buledi mmodzi. Bambo ako anakhala pakhonde osayankhula, ine ndikulira kukhitchini kuti musandimve. Nthawi imeneyo linatilanda ndi dziko, panalibe woti timugwire. Ulendo uno zikatha, zithera m'manja mwa munthu amene ndikumudziwa dzina ndi nkhope, ndipo mtima wanga sudzapirira.

Ndamvanso kuti iyeyo ndi amene akukuopseza kuti madokotala amakolowola diso n'kuliika m'mbale. Bodza! Ndinapita kwa mayi wina wa kumpingo amene anagwirapo unamwino zaka zambiri, ndinakhala naye masana onse. Diso silichoka m'malo mwake. Diso lililonse lili ndi timinofu 6 tomwe timalikoka kuti litembenuke uku ndi uku, ngati zingwe za pangolo. Lako lija limathawira kumbali chifukwa timinofuto sitikoka mogwirizana. Dokotala amang'amba pang'ono kachikopa kopyapyala ka pamwamba pa poyera pa diso, kamnofu kena amakasunthira m'mbuyo kuti kafooke, kena amakafupikitsa kuti kalimbe, n'kusoka ndi ulusi wosungunuka wokha. Iwe udzakhala uli mtulo, sudzamva kanthu. Ntchito yake ndi ya ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ngati uli ndi mantha, nena kwa ine. Mantha si chinthu chochititsa manyazi, nanenso ndili nawo. Koma usakawamize m'mowa.

Ndipo pamowa pomwepo ndi pamene pagona nkhani. Amene adzakugoneke tulo uja adzakufunsa ngati umamwa, ngati umasuta, ngati pali mankhwala amene ukumwa, ngakhale azitsamba. Umuuze zoona. Usakanene kuti "pang'ono pokha" ngati mmene umanenera kwa ine, chifukwa mankhwala ogonetsa amayeza potengera zimene wanenazo. Mowa usiye panopa, osati dzulo lake la opaleshoni. Pa pepala anakupatsa lija analemba nthawi yosiyira kudya, kawirikawiri amakhala maola 6 usanalowe. Ukaphonya pamenepo adzakubweza, chifukwa munthu wogonetsedwa m'mimba muli chakudya akhoza kusanza n'kutsamwa, masanzi kulowa m'mapapo. Ndikumudziwa mnzakoyo, adzabwera madzulo ake n'kumati "kamodzi kokha kolimbitsa mtima." Usiku umenewo udzagone kuno kwathu. Sindikupempha, ndikukuuza.

Dzulo ndimasesa kuseri kwa kabati, ndapeza timagalasi tako tija ta pulasitiki, mwendo umodzi womanga ndi ulusi wakuda. Ndinakhala pansi nato. Unali ndi zaka 5 pamene anatiuza kuti tizikuphimba diso labwinolo maola angapo patsiku kuti lofookalo liphunzire kuona. Unkalira, unkamatula kansalu kaja n'kukabisa pansi pa mphasa. Agogo ako ankati musiyeni mwana, lidzawongoka lokha akamakula, ndipo ine ndinamvera chifukwa misozi yako inkandipweteka. Ndinalakwa, bambo. Zaka zimene diso limaphunzira msanga, mwana asanapitirire zaka 7 kapena 8, zinatidutsa ndikuyang'ana. Kenako kusukulu ana anzako anayamba kukufunsa kuti ukuyang'ana ndani, pamwamba pa kukunena kuti ndiwe mubhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi, ndipo unaphunzira kuyankhula ndi anthu utazolika. Mpaka lero pazithunzi zaukwati wa mchemwali wako unaima chammbali.

N'chifukwa chake ndikufuna umve bwino, usadzakhumudwe. Opaleshoniyi idzawongola diso kuti liziyang'ana kumodzi ndi linzake, koma siidzabweza mphamvu yoona imene inatayika uli mwana. Magalasi mwina uzidzavalabe. Ndipo ena limawongoka koma osafikapo, kapena limadzakhotanso patapita zaka, n'kufunika kubwereza. Dokotala ukamufunse zonsezi, usakangogwedeza mutu. Ulembe mafunso ako papepala.

Ukadzatuluka diso lidzakhala lofiira psuu, kwa masabata angapo ndithu. Lizidzanyereza ngati mwalowa mchenga, misozi ina idzatuluka yosakanikirana ndi timagazi, ndipo masiku oyamba ukhoza kumaona zinthu ziwiriziwiri mpaka ubongo utazolowera. Zimenezo si zoopsa. Osalitikita. Usambe m'manja ndi sopo usanadonthezere mankhwala, ndipo manthongo tizidzapukuta ndi madzi owiritsa atazizira, osati otunga kumjigo n'kungothira. M'disomo musalowe china chilichonse kupatula chimene wapereka dokotala, kaya madzi a mneneri wa kumasowe, kaya shuga, kaya masamba ofinya, kaya mkaka wa m'mawere monga ankachitira akale. Koma ululu ukamakula m'malo mochepa, kapena chikope chikatupa kwambiri, kapena mafinya akamatuluka, kapena kuona kukamachepa, tibwerere kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Kuntchito usathamangireko. Utuchi wa ku Area 8 kumene umapalira matabwa kuja ndi fumbi la mphepo ya mwezi uno si zoti diso losokedwa likumane nazo. Uwauze makasitomala ako kuti mipando yawo idikire sabata imodzi kapena ziwiri, monga adzanenere dokotala. Udzakhale kuno. Chipinda chako ndachikolopa kale, ndasoka katani yochindikala chifukwa akuti kuwala kumathobwa masiku oyamba. Ndizidzakuphikira phala la mtedza ngati kale.

Ndipo mnzakoyo akafuna kudzakuona, abwere masana, akhale pabalaza ine ndilipo, amwe tiyi. Kukutenga kuti "tikangowongola miyendo" ayi. Munthu amene wamwa sakumbukira nthawi ya mankhwala, amatikita diso osadziwa, amagwa, amalowa m'ndewu za eni. Chibakera chimodzi chokha pankhope, zonse tavutikirazi zapita. Ndikubwerezanso, ndalama zipite kwa mchemwali wako lero. Usadikire Lachisanu.

Bambo ako akanakhala moyo akanakuperekeza okha. Ankakonda kunena kuti tsiku lina mnyamatayu adzandiyang'ana m'maso. Ndikufuna ndidzaone zimenezo m'malo mwawo.

Ubwere Lolemba, dzulo lake la opaleshoni, dzuwa lisanalowe, utenge khadi lakuchipatala, chitupa chako, pepala lija ndi malaya omanga mabatani kutsogolo kuti usadzavutike povula. Lachiwiri tidzadzuka m'mamawa, tidzakwera kombi yoyamba mpaka pa Fourth Street, kuchoka apo tidzapeza ya ku Parirenyatwa. Pobwerera mlamu wako walonjeza galimoto. Ine ndidzakhala pabenchi panja mpaka utadzuka.

Undiimbire ukawerenga, ndipo ulendo uno undilole ndimalize kuyankhula.

Ndine amene,
Mayi ako