Mwana wanga, usasiye mapilisi ako pawekha

Mwana wanga,

Chilankhulireni pa foni Lachitatu lija tulo sindikutiona bwino, nde ndati ndingolemba chifukwa pa foni umandidula mawu ndipo ine ndikayamba kulira zonse zimandithawa. Unati anzako akuuza kuti valproate ukumwayu akusintha ma gene ako, ndipo poti chinkhoswe chatha ndipo nonse mukufuna mwana, wati ungomusiya. Ndimvere kaye ine mayi ako, ndagawa mapilisi mu wodi zaka zambiri ndisanapume ntchito, ndipo chiyambire iwe kudwala matenda a maganizo a bipolar ndawerenga za mankhwala ako mpaka maso kuwawa.

Ma gene ndikunenawa ndi tizigawo ta chibadwa chathu, osati majini aja a ziwanda omwe azakhali ako ankalimbikira nthawi ija. Zimene unatenga kwa ine ndi kwa bambo ako mapilisi akowa sangazifufute olo kuzilembanso. Ukukumbukira kabobini ka makina anga osokera kamene unkakonda kuseweretsa? Mu selo iliyonse ya thupi lako muli DNA, momwe mwalembedwa ma gene akowo, yotalika pafupifupi mamita 2, ndipo kuti ikwanemo imakulungidwa ngati ulusi pa timabobini totchedwa ma histone. Pamene pakulungidwa mothina thupi silingawerenge zolembedwapo, pamene pakhwefuka limawerenga. Mu 2001 ofufuza anapeza kuti valproate amatsekereza ma enzyme (tizinthu tofulumizitsa ntchito za mthupi) otchedwa HDAC omwe amathinitsa ulusiwo, nde malo ena amakhwefuka ndipo ma gene ena amene anali chete amayamba kugwira ntchito. Mwa makoswe anaona kuti zinthu zoteteza maselo a mu ubongo monga BDNF ndi Bcl-2 zimachuluka. Ulusi ndi womwewo mwana wanga, chasintha ndi malo amene akuwerengedwa basi.

Mwina ndichifukwa chake mankhwalawa sali ngati panado woti wamwa mutu waleka. Amatenga masabata kuti mtima ukhazikike, ndipo ukawasiya thupi limabwerera mmene linkachitira kale. Ine sindinaiwale usiku uja ndinakupeza ukusesa pabwalo 2 koloko uli ndi tochi ya foni mmanja, masiku anayi osagona, ukuyimba, utagawa kale nsapato zako zonse kwa ana a maneba. Kenako mwezi wathunthu makatani otseka, nsima ndikakusiyira pakhomo ndimakaitenga itazizira osakhudzidwa olo mbamu imodzi. Lero ukupita ku ntchito, ukuseka, ukukangana ndi achimwene ako za mpira, nde ukuona ngati wachira ndipo mapilisi alibenso ntchito, chonsecho ndi mapilisi omwewo akukugwiriziza.

Koma pa nkhani ya mimba anzakowo sananame kwenikweni, ndipo sindikubisa. Mwana akamaumbika mmimba masabata oyambirira, ma gene amayenera kutseguka ndi kutseka pa nthawi yake yeniyeni, ndipo mankhwala okhwefula ulusi aja akhoza kusokoneza zimenezo. Mwa ana 100 obadwa kwa amayi omwe amamwa valproate ali oyembekezera, pafupifupi 10 amabadwa ndi chilema, ena msana osatsekeka bwino kuja amati spina bifida, ndipo 30 mpaka 40 amachedwa kuyankhula kapena kuvutika kuphunzira. Msanawo umatsekeka mwezi woyamba, nthawi yoti mwina iwe sunadziwenso kuti wayima. Nde maganizo ako osafuna kutenga mimba uli pa valproate ndi abwino ndipo ndikukuyamikira, chomwe ndikukana ndi kusiya mwadzidzidzi wekha mnyumba osauza dokotala. Pakadali pano pitiriza kulera, ndikudziwa kuti kuchimuna ayamba kale kufunsa koma mimba ndi yako ndipo ubongo ndi wako, adikire. Ngati mwina ukukayika kuti wayima kale, usadikire tsiku la kiliniki, pita mawa lomwe.

Dokotala ali ndi njira zina, amatsitsa pang'onopang'ono uku akuyambitsa mankhwala ena, amapatsanso vitamini ya folic acid usanayime. Mwina atchula lithium. Ameneyu ndi mchere chabe, dokotala wa ku Australia John Cade ndi amene analemba mu 1949 kuti amakhazika mtima odwala ngati iwe, ndipo naye amafika ku ma gene koma podzera njira ina, amatsekereza enzyme yotchedwa GSK-3. Naye ali ndi zake pa mimba ngakhale sizifika pa valproate, ndipo amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, impso ndi chithokomiro zomwe, kumwa madzi okwanira makamaka kutentha kwa Okutobala, ndiponso osamwa brufen olo diclofenac mwachisawawa chifukwa amachulukitsa lithium mmagazi mpaka kukhala poizoni. Umufunsenso dokotalayo za masabata oyamba ukadzabereka, nthawi imeneyo matendawa amakonda kubwerera kwambiri poti mayi sagona, nde ine ndanena kale ndidzabwera kudzakhala nanu, mwana ndizidzagona naye ine usiku iwe uzidzapuma.

Amuna akowo uwauze zonse, usawabisire kalikonse poopa kuti akuthawa, ndinawaona mmene anakugwirira dzanja pa chinkhoswe paja ndipo mtima wanga unakhala pansi. Mupite limodzi ku chipatala akamve ndi makutu awo. Ine ndibwera kumapeto kwa mwezi ndi ufa ndi mtedza uja unapempha, undiuze tsiku lako la kiliniki ndikonze transipoti kuti tikalowe tonse atatu. Usiku uno umwe pilisi lako, kenako unditumizire meseji kuti wamwa.

Ndine mayi ako.