Sikelo isakugwetseni ulesi, majowajowa amayamba kukonza mitsempha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za vuto lomwe madokotala amalitcha metabolic syndrome, pomwe munthu mmodzi yemweyo amapezeka ndi zitatu kapena kuposa mwa izi: mimba yaikulu, BP yoyambira 130/85 kupita m'mwamba, shuga wokwera, mafuta a triglycerides ochuluka m'magazi komanso kolesitelo wabwino uja wa HDL wochepa. Anthu otere akauzidwa kuti ayambe masewera olimbitsa thupi ambiri maso amangokhala pa sikelo, mwezi ukatha makilo osatsika basi amasiya ati sizikuthandiza. Zimandiwawa izi chifukwa phindu lalikulu limakhala layamba kale mkati momwe sikelo singaone.

M'kati mwa mtsempha uliwonse wa magazi muli kakhungu kopyapyala kotchedwa endothelium, kamatulutsa nitric oxide yomwe imamasula mtsempha kuti utambasuke magazi akafuna kudutsa ambiri. Shuga, mafuta ndi BP zikakwera kakhunguka kamafooka, mitsempha imayamba kuuma n'kutsekeka, mapeto ake ndi sitiroko kapena matenda a mtima. Ndiye mukamayenda ndawala, kupalasa njinga, kusambira kapena kuthamanga, magazi amathamanga n'kumakhula m'mbali mwa mtsempha ndipo kukhulako ndi komwe kumadzutsa kakhungu kaja kuti kayambenso ntchito, ngakhale mimba ikadali pomwepo.

Komatu masewera onse si ofanana. Mu 2008 akatswiri a ku Trondheim m'dziko la Norway adatulutsa kafukufuku pa anthu a vuto lomweli, ena ankachita masewera mwapakatikati mosalekeza pomwe ena ankalimbikira zedi mphindi 4, n'kuchepetsa liwiro mphindi 3, kubwereza kanayi. Magulu onse awiri adapindula koma mitsempha ya olimbikira modukizadukiza aja idamasuka kwambiri kuposa ya anzawo. Ine apa ndimaona kuti kuyenda kongodziyendera mukucheza pa foni sikukwanira, pazikhala nthawi yoti mpweya ukuperewereni pang'ono mpaka kulephera kumaliza chiganizo.

Nanga zitsulo za ku jimu? Musazinyoze, minofu ndi imene imameza shuga wambiri m'thupi ndiye ikakula insulini, yomwe imathandiza thupi kutsitsa shuga m'magazi, imagwira bwino ntchito. Chomwe ndikukana n'choti munthu azidalira zitsulo zokha, pa nkhani yofewetsa mitsempha zothamangitsa mtima zija ndi zomwe zili patsogolo. Komanso kunyamula cholemera kwambiri mutagwira mpweya osapuma kumakweza BP nthawi yomweyo, wa BP yokwera kale asamale, azipuma pokweza ndi potsitsa pomwe.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera mphindi 150 mpaka 300 pa sabata mwapakatikati, kapena 75 mpaka 150 mwamphamvu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Vuto lina n'loti zimenezi sizisungika, mukasiya kwa masabata angapo mitsempha imabwerera mwakale, ndipo kukhala pampando maola ambiri osadzuka kumachedwetsa magazi m'miyendo.

Chonde akonzi, olemba zaumoyo anu asamangoti "chitani masewera" basi, azitiuza masewera ake ati komanso motani. Ndipo amene adamvapo kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena ali pa mankhwala a shuga ndi BP ayambe waonana ndi adokotala asanayese zolimbikira zija.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa